Nankalizi woweta akasowa n'kusiya kudya: zoti muone musanafukule dothi

Aliyense woweta anankalizi akuluakulu amakumana nazo zimenezi, kaya ali ndi Scolopendra dehaani wa ku Vietnam ndi Thailand, Scolopendra heros wa ku Texas ndi Arizona, kapena Ethmostigmus trigonopodus wa miyendo yabuluu amene amapezeka kuno ku Africa. Mlungu umatha osamuona. Wachiwiri umathanso. Mphemvu imene munamuponyera ikungoyendayenda pamwamba pa dothi ili moyo. Zikatere mtima sukhala m'malo, munthu amafuna kutenga supuni n'kuyamba kufukula kuti aone ngati akadalimo, ndipo kufukulako n'kumene kungaphe nankalizi yemwe analibe vuto lililonse.

Nankalizi amakhala pansi nthawi yaikulu ya moyo wake, choncho kusaoneka pakokha si matenda. Chofunika ndi kudziwa chimene chamusowetsa. Mwina wathawa, mwina akukonzekera kufundula, mwina wafungatira mazira, mwina kwamuzizirira, mwinanso wauma kapena wadwala ndi chinyontho chopitirira. Mwa zonsezi chofuna changu ndi kuthawa kokha, chifukwa kumakhudza anthu a m'nyumba. Zinazo zimafuna kudekha.

Kodi akadali m'bokosimo?

Mungathe kudziwa osakhudza una wake. Usiku, patatha maola awiri kapena atatu chizimitsireni magetsi, unikani ndi tochi yofiira, kapena tochi wamba yokutidwa ndi pepala lofiira la pulasitiki, chifukwa kuwala kofiira sikumudzidzimutsa kwambiri ngati koyera. Unikani m'mbali monse, kenako tukulani bokosi pang'onopang'ono muone kunsi kwake. Anankalizi amakonda kukumba mpaka pansi penipeni, ndiye kawirikawiri mumaona miyendo ingapo kapena mbali ya thupi itatsamira pulasitiki.

Mukapanda kuona kanthu, salazani pamwamba pa dothi mopepuka pamalo potalikirana ndi una, ndipo tsukani kambale ka madzi n'kukadzaza. M'mawa onani ngati pali timizere ta mapazi kapena ngati m'kambale mwagwera dothi. Siyaninso mphemvu yophwanya mutu pafupi ndi khomo la una. Ikakokedwa kapena kudyedwa mbali, mwini wake alimo. Ikakhala mmene munaisiyira, ichotseni m'mawa womwewo isanayambe kuwola. Mphuno nayo imathandiza: nankalizi wamkulu akafera m'dothi lofunda, pakatha tsiku limodzi kapena awiri fungo lake silibisika, ndipo tintchentche timayamba kusonkhana. Bokosi longomveka fungo la dothi lonyowa mulibe chakufa.

Tsopano yang'anitsitsani bokosi lenilenilo. N'zoona kuti nankalizi sakwera galasi loyera kapena pulasitiki yosalala, koma mfundo imeneyi yanamiza anthu. Amakwera silikoni, phala lomatira magalasi, wa m'makona a thanki yagalasi. Amagwira pomwe pulasitiki yakandika, pa zoyera zimene madzi opopera amasiya akauma, ngakhale pa dothi lomatirira m'mbali. Amatha kuima ndi miyendo yochepa yakumbuyo n'kutambasulira thupi lonse lotsala m'mwamba, ndipo akangokola m'mphepete ndi miyendo yakutsogolo, basi watuluka. Thupi lake n'lopyapyala ndiponso limafinyika, moti pomwe palowa mutu thupi lonse lidutsa. Wamkulu ali ndi mphamvu zokankha chivundikiro chongosanjika pamwamba, ndipo neti yansalu kapena yapulasitiki yofewa amaiboola ndi zolumira zake.

Muyezo wabwino ndi uwu: kuchokera pamwamba pa dothi kufika pa chivundikiro pakhale utali wa nankaliziyo kamodzi ndi theka. Wa masentimita 20 amafuna mpata wa masentimita 30, ndipo ngati dothi n'lakuya masentimita 12, bokosi lisachepere masentimita 42. Muyeze kuchokera pa chinthu chachitali koposa m'bokosimo, chifukwa khungwa loimika kapena nthambi zimadya mpatawo. N'chifukwa chake khungwa lobisalamo lizigonekedwa pansi. Chivundikiro chikhale chokowera mbali zonse zinayi. Mabokosi ambiri osungira katundu amakowera kumapeto kuwiri kokha, pakati n'kumapindika. Musanaikemo nyama, tsekani n'kukoka pakatipo ndi chala muone ngati pakutseguka. Pakatseguka, onjezani zopanira. Mwala wosanjika pamwamba suthandiza, chifukwa tsiku lina mudzaiwala kuubwezera.

Mabowo a mpweya asapitirire mamilimita 2 kwa wamkulu ndi milimita imodzi kwa wamng'ono. Boolani mzere umodzi m'mbali, pang'ono pamwamba pa dothi, ena pa chivundikiro. Mukawaboola mizere yosanjikizana kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mwamupangira makwerero. Mathanki a abuluzi otsegukira kutsogolo ndi magalasi oseseretsa sayenera nankalizi: pakati pa magalasi awiriwo pamatsala mpata, ndipo kumbuyo kumakhala timabowo todutsira mawaya.

Ngati wathawadi, uzani anthu onse a m'nyumba nthawi yomweyo. Manyazi asakutsekeni pakamwa, chifukwa wolumidwa akhoza kukhala mwana amene sakudziwa kanthu. Tsekani chitseko cha chipindacho n'kutseka mpata wa kunsi kwake ndi nsalu youma. Ana, agalu ndi amphaka asalowemo. Nsapato, zofunda ndi zovala zikutumulidwe kaye, ndipo usiku pasakhale woyenda wopanda nsapato. Nankalizi wothawa amasaka mdima ndi chinyontho popeza amauma msanga, ndiye mupatseni zomwe akufunazo. Yalani matawulo onyowa atatu kapena anayi m'mbali mwa makoma ndi m'makona, popeza amayenda motsata khoma. Muziwatukula ndi chopanira madzulo, pakati pa usiku ndi m'mamawa, kapu yomuvundikira ili kale m'dzanja linalo. Onaninso kuseri kwa filiji, kunsi kwa mphasa, m'zikwama ndi kubafa. M'chipinda chouma sapirira nthawi yaitali, koma pansi pa sinki yodontha akhoza kukhala milungu, choncho musaleke kusamala patangotha masiku atatu.

Kufundula

Ngati akadalimo, choyamba kuchiganizira ndi kufundula. Nankalizi amakula povula khungu lake lolimba. Wamng'ono amafundula kangapo pachaka, wamkulu mwina kamodzi kokha. Nthawi ikayandikira mtundu wa thupi umazimiririka, thupi limafufuma moti kakhungu kotuwa ka pakati pa zigawo kamaonekera, kayendedwe kamakhala kaulesi, ndipo chakudya amangochikankha n'kuchoka. Kenako amalowa pansi n'kutseka khomo la una ndi dothi. Una wotsekedwa chamkati ndi chizindikiro chodalirika kwambiri. Akhoza kukhalamo milungu iwiri, inayi, nthawi zina kupitirira mwezi ndi theka.

Pofundula, khungu limang'ambika chakumutu ndipo iye amatulukira kutsogolo, akusolola tinyanga, miyendo yake yonse 42, ngakhale kakhungu ka mkati mwa timachubu topumira. Akatuluka amakhala wotuwa ndi wofewa, zolumira zake zosatha kuboola kanthu. Supuni ikamukhudza pa nthawi imeneyi, kapena una ukamugumukira, amakanirira m'khungu lakale kapena kutaya madzi a m'thupi pa bala, ndipo palibe chimene mungamuchitire. Nkhululu kapena mphemvu yamoyo yosiyidwa m'bokosi imatha kumuluma ali chomwecho.

Ntchito yanu pano ndi yochepa. Chotsani chakudya chonse chamoyo. Kambale ka madzi kasaphwe. Kona imodzi ya dothi ikhale yonyowa mpaka pansi. Bokosi lisasunthidwe, lisagogodedwe, ndipo lisakhale pa shelefu imodzi ndi sipika ya wailesi. Khungu lakalelo kawirikawiri amalidya, ndiye musadikire kuliona. Mudzadziwa kuti wafundula poona mtundu wowala, komanso mwendo umene unaduka utameranso, ngakhale uli wocheperako kuposa inzake. Akatulukira pamwamba, dikirani masiku 7 mpaka 10 musanamudyetse, ndipo yambani ndi chakudya chofewa chophedwa kale. Khungu lakale likakakamira pa miyendo yakumbuyo, dothi linali louma. Onjezani chinyontho, musakoke. Kutaya mwendo umodzi kapena iwiri sikumupha.

Mazira

Anankalizi ambiri ogulitsidwa amagwidwa kutchire, ndipo wamkazi amasunga umuna kwa miyezi, choncho amatha kuikira mazira ali yekha m'bokosi. Mukaunika kunsi mudzamuona atazipiringiza mozungulira mulu wa mazira achikasu, atawanyamula ndi miyendo kuti asakhudze dothi. Amawanyambita kuti asachite nkhungu, ndipo sadya kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Mukamusokoneza amawadya kapena kuwasiya, ndipo osiyidwawo amawonongeka. Tchingani mbali ya bokosi ndi nsalu yakuda popanda kutseka mabowo a mpweya, musaponye chakudya, madzi muzithira mwakachetechete kukona yakutali. Chimene ambiri amaiwala n'choti mabowo amene ankatchinga mayi sangatchinge ana. Ana asanayambe kumwazikana, ikani bokosi lonselo m'bokosi lina lalikulu la timabowo tating'ono kwambiri. Akatenga mtundu n'kuyamba kuyenda okha, aliyense apite m'kachidebe kake, chifukwa amadyana.

Madzi ndi mpweya

Apa ndi pamene pagona zambiri. Khungu la nankalizi silisunga madzi bwino monga limachitira la mphemvu kapena chikumbu, ndipo timabowo topumira ta m'mbali mwa thupi lake satha kutitseka bwinobwino. N'chifukwa chake amauma msanga. Woweta akamva zimenezi amayamba kupopera madzi tsiku ndi tsiku n'kuchepetsa mabowo a mpweya, ndipo akatero wasintha vuto limodzi ndi lina, chifukwa mpweya wonyowa wosayenda umabweretsa nkhungu imene imadya miyendo ndi tinyanga. Njira yake ndi kumupatsa malo onyowa ndi malo ouma m'bokosi limodzi kuti azisankha yekha.

Dothi likhale lakuya masentimita 10 mpaka 15 kwa wamkulu. Kusakaniza kumene kumagwira una bwino ndi magawo awiri a dothi lapamwamba losathiridwa feteleza kapena mankhwala, magawo awiri a makoko a kokonati opera, ndi gawo limodzi la mchenga. Makoko a kokonati okhaokha amagumuka akauma. Poyesa chinyontho, finyani dothi m'dzanja musanaliike: ligwirane koma lisadonthe. Pothira madzi musapopere pamwamba, chifukwa kumanyowetsa khungu la dothi kwa maola ochepa pansi n'kukhalabe pouma, kusiyanso zoyera zija m'mbali. Thirani pafupifupi theka la kapu m'kona imodzi, madzi atsike mpaka pansi, ndipo muthirenso pokhapokha mukaona kudzera m'pulasitiki kuti gawo lakuda la dothi lonyowa latsika. Kona inayo iume. Kambale ka madzi kakhale kosaya koma kotakata, kokwiriridwa mpaka m'milomo kuti asakagubuduze.

Mitundu imasiyana. Scolopendra dehaani ndi Scolopendra gigantea wa kumpoto kwa South America, amene amafika masentimita 30, amafuna gawo lalikulu lonyowa. Scolopendra heros ndi Scolopendra polymorpha a kumadera ouma a ku America amafuna pamwamba pouma, mpweya wambiri ndi chinyontho chapansi chokha. Amenewa ndiwo sachedwa kugwidwa ndi nkhungu akasungidwa ngati a m'nkhalango zamvula.

Nankalizi wouma amaoneka wokwinyika, zigawo za thupi zitalowana, ndipo amagona pamwamba kapena m'kambale ka madzi, wosatekeseka ngakhale mumukhudze ndi chopanira. Musamuthire madzi pathupi, chifukwa amalowa m'timabowo topumira tija. Muikeni m'kachidebe ka mabowo koyalidwa tishu yonyowa, mutu wake pafupi ndi kachivundikiro ka botolo kodzaza madzi, pamalo amdima. Ngati mwamupeza msanga amamwa n'kufufumanso pakatha maola angapo, ndipo mukatero samalani, chifukwa mphamvu zimabwerera limodzi ndi liwiro.

Bokosi lonyowetsa limadziwika ndi madontho osaphwa m'mbali, fungo lowawasa, ndiponso nankalizi amene usiku uliwonse akuzungulira n'kumayesa kukwera, osafuna kulowa pansi. Yang'anani nsonga za miyendo ndi tinyanga. Madontho akuda amene sanalipo kale, kapena tinyanga tomafupikira tikuda kunsonga, ndi nkhungu. Msamutsireni m'dothi latsopano louma pang'ono, wonjezani mabowo kuti mpweya uzilowa mbali ina n'kutulukira ina, ndipo kambale ka madzi kakhale kodzaza nthawi zonse. Nkhunguyo ikakhala pa miyendo pokha imatha kuchoka akafundula. Ikafika pathupi kapena pa timabowo topumira, mwayi umachepa. Musamupake mankhwala a anthu kapena a ziweto.

Tizilombo ting'onoting'ono tonga nthata tounjikana kumutu ndi m'mbali mwa thupi timabwera ndi zotsala za chakudya m'dothi lonyowa. Towerengeka sitivuta. Tikachuluka, sinthani dothi, umitsaniko bokosi, ndipo chotsala chilichonse chizichoka pasanathe maola 24.

Kutentha ndi chakudya

Mitundu ya kumadera otentha imadya bwino pa madigiri 24 mpaka 28. Kukatsika pansi pa 20 imafooka n'kusiya kudya, zomwe zimachitika m'nyumba za ku Britain nthawi yachisanu, komanso usiku wa June ndi July m'madera okwera ngati Dedza. Chotenthetsera chamagetsi chimatidwe m'mbali mwa bokosi, cha mbali imodzi, ndipo chikhale ndi thermostat, kachipangizo kochizimitsa kutentha kukafika pa muyezo. Musachiike kunsi: nankalizi akamva kutentha amathawira pansi, ndiye amakapsera komweko. Kuzizira kwa usiku umodzi magetsi atathima sikumupha, koma kutentha kopitirira madigiri 32 n'koopsa, makamaka bokosi likakhala pawindo kapena m'chipinda chamalata chopanda siling'i mu October.

Nthawi zina wangokhuta. Wamkulu amakwanira ndi mphemvu yaikulu imodzi kapena nkhululu imodzi pa masiku 7 mpaka 10, ndipo chakudyacho chisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake. Wonenepa akakana kwa milungu itatu palibe chodandaulitsa. Mbewa zamoyo musamupatse, zimaluma ndiponso zotsala zake zimawola msanga. Choopsa kwambiri ndi tizilombo togwira m'nyumba kapena kumunda. Mphemvu yoyenda mwapendapenda masana kawirikawiri yadya kale mankhwala, ndipo ziwala za m'dimba lopoperedwa n'chimodzimodzi. Wetani nokha chakudya chake. Mankhwala opopera udzudzu, utsi wa koyilo, mankhwala othira m'chimanga ndi a utitiri wa agalu otsalira m'manja, zonsezi zimamupha. Nankalizi amene akunjenjemera, kugubuduka kapena kuponya miyendo mosagwirizana wakhudzidwa ndi zoterezi. Palibe mankhwala ake. Msamutsireni m'chidebe choyera, m'chipinda china, ndi madzi akumwa.

Pamene kufukula kuli koyenera

Fukulani ngati mwamva fungo la chakufa, ngati nyerere kapena linthumbu zalowa, ngati madzi adzaza pansi pa bokosi, kapena ngati mwapeza mpata pa chivundikiro ndipo njira zonse zija sizinaonetse kuti alimo. Ikani bokosi m'bafa youma yotseka potulukira madzi, kapena m'beseni lalikulu lakuya losalala. Tsekani chitseko. Konzani chopanira chachitsulo cha masentimita 30, burashi ya chigwiriro chachitali, chidebe choonekera mkati ndi chivundikiro chake, ndi katoni yolimba yolowetsa kunsi. Yambirani kukona yakutali ndi una, mukuchotsa dothi pang'onopang'ono ndi supuni yaitali. Mukaona thupi lotuwa lofewa kapena mazira, lekani pomwepo, bwezerani khungwa pamwamba mosakanikiza, tsekani.

Akatuluka wathanzi, gonekani chidebe patsogolo pake n'kumukankha pang'ono kumbuyo ndi burashi kuti alowe yekha. Musamupane ndi chopanira, chifukwa amapindika n'kukwera chopaniracho kulunjika ku dzanja mwaliwiro loti maso satsatira. Akayamba kukwera, chisiyeni chigwere m'beseni. Kumugwira ndi manja, monga amachitira ena m'mavidiyo a pa intaneti, ife sitikuvomereza ngakhale pang'ono. Nankalizi sazolowera munthu, saona bwino, ndipo chimene sakuchidziwa amachiyesa ndi zolumira. Akagwa kuchokera m'manja nayenso akhoza kuvulala.

Zolumirazo ndi miyendo iwiri yoyamba imene inasanduka zobayira ululu, ndipo zimasiya timabala tiwiri. Ululu wake umapweteka ngati moto, malowo amatupa, ndipo nthawi zina m'khwapa mumatuluka mwanabere. Wa Scolopendra dehaani ndi Scolopendra subspinipes umadziwika kuti ndi woopsa kuposa wa mitundu yambiri, ndipo kupweteka kwake kumatha kukhala masiku. Mukalumidwa, tsekani kaye bokosi. Vulani mphete ndi wotchi dzanja lisanatupe, tsukani ndi sopo, kenako viikani m'madzi otentha a madigiri 40 mpaka 45 kwa mphindi 20 kapena 30, mutayesa kaye ndi dzanja linalo kuti musapse. Ena amapeza mpumulo ndi ayezi wokulunga m'nsalu. Imwani panado. Musateme, musayamwe, musamange chingwe. Mankhwala osukulutsa ululu wa nankalizi kulibe. Kuchipatala amathandiza kupweteka, kutupa, matenda olowa pabala ndi katemera wa kafumbata.

Pitani kuchipatala mosazengereza ngati wolumidwa ndi mwana, wokalamba, mayi woyembekezera kapena wodwala mtima kapena shuga, ngati walumidwa kumaso kapena pakhosi, komanso ngati pali kubanika, kutupa milomo, kupweteka pachifuwa, chizungulire, kusanza kosalekeza kapena mkodzo wakuda. Bala likayamba kufiira mofalikira, kutentha kapena kutulutsa mafinya patatha masiku awiri kapena atatu, limafunanso dokotala. Lembani dzina lasayansi la nankalizi wanu pa bokosi ndipo sungani chithunzi chake m'foni, kuti aliyense wa m'nyumba athe kuonetsa achipatala ngakhale inu mutachokapo.